Usatseke Zeneralo

Kuti dzina lake lanunkha kumudzi, Taghrid anamva kwa amayi ake, osati ku ofesi. Anamuimbira Lamlungu m'mawa, tsiku loyamba la ntchito kumeneko, iye atangokhala kumene pampando wake mumzinda wa Irbid, n'kumuuza kuti kuchigayo cha azitona cha a Hajji Mifleh kwavuta. Sikelo ikunama. Munthu wabwera ndi matumba asanu, kompyuta ikulemba kulemera kwa matumba khumi, ndipo poti mwini chigayo amatapa gawo lake la mafuta molingana ndi kulemera kwa azitona, alimi anayamba kukuwa kuti a Hajji ndi mbava. A Hajji anaimba kukampani imene inawagulitsa pulogalamuyo, ndipo yankho limene anapatsidwa analilengeza pabwalo: walakwitsa ndi mtsikana amene analemba za sikelo, Taghrid, mwana wa a Abu Sakher.

"Bambo ako akupempherera m'nyumba masiku ano, kumzikiti akuchita manyazi," anatero amayi ake. "Azitona athu ali m'matumba pakhonde, ayamba kutentha. Akuti kuchigayoko sakapondako."

"Apatseni foni ndilankhule nawo."

"Akuti alibe mawu."

Taghrid sanafunse kuti anayankha foni ya a Hajji ndani. Anangotembenuka n'kuyang'ana pakona, pamene Zuhair ankasunsa buledi m'mafuta ndi zatara, ufa uja wa masamba onunkhira, mapazi ali pa desiki. Koma abale, Zuhair! Munthu wamatama ngati uyu sanabadwenso mu Irbid monse. Anali mlamu wa bwana wawo, a Abu Qusai, ndipo chiyambire kampaniyo sanalakwitsepo kanthu, chifukwa chilichonse chikaphulika pankapezeka wina woti asenze.

Mphamvu zake zonse zinali pa chinthu chimodzi. Mazenera onse a m'mapulogalamu awo, aja otseguka pagalasi la kompyuta, ankabadwa kuchokera ku chigawo chimodzi chachikulu cha pulogalamu, chimene ankachitcha kholo. Kholo ndilo linkadziwa kutsegula zenera, kulilumikiza kusikelo kapena kumakina osindikiza, ndi kulitseka. Zenera latsopano linkangotengera zonsezo kwa kholo, wolemba n'kuwonjezerapo zake. Kholo limenelo analemba Zuhair kalekale, ndipo analikiya. Ena onse ankangoligwiritsa ntchito osaona za m'mimba mwake.

"A Zuhair, ndinu munauza a Hajji kuti ndalakwitsa ndine?"

"Ukanakonda ndinene kuti walakwitsa ndi mphaka?" Sanachotse ndi mapazi omwe. "Zenera la sikelo analemba ndani?"

"Ndine. Koma munayamba mwaliona?"

"Ndilionerenji? Mizere yako ndimaidziwa, mwana iwe. Imanunkha sukulu."

"Ndipatseni kholo ndilione."

Apa ndiye anatsitsa mapazi. Anapukuta zala chimodzichimodzi, kumuyang'ana ndi diso la nkhwezule. "Kholo linayamba kugwira ntchito iwe ukuyamwa. Lili m'mafamase, lili m'magalaja, palibe anadandaulapo. Lafika kwanu kumapiri, basi ladwala? Kasesetu pakhomo pako."

Taghrid anatsonya, ndipo anaonetsetsa kuti Zuhair wamva.

Masiku awiri anakhalira zenera lakelo. Analumikiza kasikelo ka mu ofesi, n'kumaikapo paketi ya shuga ya kukhitchini. Kilo imodzi. Kuchotsa, kuikanso. Kilo imodzi. Anawerenga mizere yake kuyambira pamwamba mpaka pansi, anaika zoimitsa pamzere uliwonse wokayikitsa, anatsatira nambala kuchokera pa waya mpaka pomwe imasungidwa. Palibe chinapezeka. Zuhair akamadutsa kupita kukasuta ankafunsa mokweza, kuti onse amve, ngati shugayo wanenepa. Mutu unamuima Taghrid, ndipo mantha anayamba kumulowa kuti mwina ndi iyedi, kungoti sakuona.

Lachiwiri masana sanatsanzike munthu. Anakwera basi ya ku Ajloun, kumapiri a kwawo, n'kutsikira pachigayo osadzera kwawo.

Fungo la mafuta atsopano linamulandira kunja komwe, lija loyabwa kukhosi. Amuna anali mbwee pamatumba awo, ndipo atamuona nkhani zinaduka. Wina anati, "Wafika injiniya," enawo n'kuseka chapansipansi. A Hajji Mifleh anayankha moni wake ndi mutu wokha.

"Sindinabwere kudzakangana, amalume. Ndingoima apa ndione."

"Ima. Kuona n'kwaulere."

Anaima kumbuyo kwawo ngati mlendo, iye amene anakulira pabwalo lomwelo. Mlimi woyamba anakweza matumba, nambala inatuluka yoona. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anali mkulu wina wa munda waukulu, ndipo matumba ake akukwezedwa, mnansi wake anasendera pafupi, khosi lili tolotolo kufuna kuona pagalasi. Mkulu uja anagogoda patebulo. "Hajji, tseka icho. Anthu ena maso awo ndi oipa, ndipo kunena mashallah, kuti diso lawo lisaononge za mnzawo, kumawalemera." A Hajji anadina pakakona ka zenera, zenera linazimiririka. Mnansi uja atabwerera m'mbuyo akung'ung'udza, a Hajji analitsegulanso, n'kupima. Nambala inatuluka kawiri kuchuluka kwake.

Taghrid anasendera pafupi ndi tebulo.

"Amalume, mumatseka chonchi kawirikawiri?"

"Nanga ndizionetsa zokolola za munthu kwa aliyense? Bambo ako omwe amandiuza kutseka." Anatukwana kompyutayo, n'kuizimitsa yonse. "Ikapenga ndimaizimitsa, imachira kanthawi, kenako yayambanso."

Ndiye zinali choncho! Mu ofesi ndani akanatseka zenera pakati pa ntchito? Shuga alibe womuchitira kaduka. Zenera likatsegulidwa, kholo linkalilembetsa kusikelo kuti lizimva kulemera kulikonse. Likatsekedwa, kholo linkayenera kulichotsa, koma silinkatero. Zenera lakale linkangosowa pamaso koma likadali moyo, khutu lili kusikelo, ndipo nambala ikabwera, lakale linkalemba, latsopano n'kulembanso. Ukatseka kawiri, olemba atatu.

Taghrid anatuluka panja n'kuimbira Zuhair. Anafotokoza bwinobwino, mawu ali pansi, monga amachitira anthu a ntchito imodzi.

"Ndiye wapita mpaka kumapiri kukafuna pondipachika?" anatero Zuhair.

"Ndi mzere umodzi wokha. Potseka, muchotse zenera kusikelo. Tsegulani muone nokha."

"Sindilandira malamulo kwa mwana amene sadziwa kuwonkhetsa." Foni anadula.

Mawa lake Taghrid analowa kwa a Abu Qusai. Bwanayo anamvetsera akuseweretsa mikanda yawo yopempherera, maso ali kuchitseko, kuopa kuti mlamu wawo angamve. Anali munthu wofatsa, koma kufatsa kwake kunali kwa mtundu uja wopweteka anthu ena.

"Mwina ukunena zoona, mwana wanga. Zuhair ndilankhula naye, akonza mwakachetechete sabata yamawa. Koma Lachinayi tonse tikupita kuchigayo kukamwa khofi ndi alimi. Ukapepesa iwe."

"Ndikapepese chiyani, bwana?"

"Anthu amva kale dzina lako. Ndikasinthe nkhani tsopano? Ndikati kholo ndi lowola, amafamase onse andiimbira mawa lomwe. Iwe ndiwe mwana, akukhululukira. Zuhair ndi bambo wa ana."

"Inenso ndili ndi bambo."

"Ukapepesa, ntchito yako ili pomwepo," anatero, n'kutsegula laputopu yawo kusonyeza kuti nkhani yatha.

Taghrid anatuluka mtima ukuwira. Ntchitoyo ankaifuna, asaname. Koma ankadziwanso kwawo. Mawu onenedwa pa khofi safufutika, ndipo bambo ake akanakhala mpaka imfa ali bambo wa mtsikana amene anabetsa mafuta a mudzi wonse.

Lachinayi pachigayo panadzaza. Mipando inayalidwa pafupi ndi sikelo, khofi wowawa anazungulira m'tikapu. Kumbuyo kwenikweni, pambali pa kagalimoto kawo kodzaza matumba, panaima a Abu Sakher, nkhope ili gwa. Amayi ake ayenera kuti anawakankha. Sanamuyang'ane mwana wawo.

A Abu Qusai analankhula zofewa, za ubale ndi madalitso a nyengo ya azitona. Kenako Zuhair, yemwe sakanalola msonkhano kutha iye osamveka, anafuna malo okwera kuti onse amuone, ndipo anakwera pachitsulo chachikulu cha sikelo ija. Anayamba kuphunzitsa alimi za makompyuta, manja ali m'mwamba.

"Maziko ndi olimba, abale anga. Kungoti nthawi zina timapatsa ana ntchito yoposa msinkhu wawo."

"Pepani a Zuhair," anatero Taghrid, mawu ali ofewa ngati a munthu wogonja. "Kuti ndipepese bwino, auzeni anthuwa mbali yanga ndi iti, yanu ndi iti."

Zuhair anamwetulira. Ankaona ngati wamuthyola. "Yako ndi kupima. Kuwerenga nambala, basi."

"Nanga kutsegula ndi kutseka zenera?"

"Zimenezo n'zanga, ndipo palibe amazikhudza. Wallahi, Mulungu ndi mboni, chala cha munthu wina sichinagwerepo."

"Mwamva, amalume?" Taghrid anapita patebulo, n'kutembenuza galasi la kompyuta kuti liyang'ane anthu. "Imani pomwepo, a Zuhair, musatsike. Mumalemera bwanji?"

Anthu anayamba kuseka. Zuhair anayang'ana pansi, n'kuzindikira pomwe waima, koma kutsika tsopano kukanakhala kuthawa. Taghrid anadina. Makilo 94.

"Ndi zoona?"

"Ndi zoona," anayankha Zuhair monyinyirika.

Taghrid anafufuta, n'kupimanso. 94. Anabwerezanso, 94 yomweyo. "Kumeneko ndiye kupima, mbali yanga. Tsopano a Hajji, tsekani zenera monga mumachitira, mutsegulenso. Ine manja ndaika kumbuyo."

A Hajji anatseka, anatsegula, anadina. 188.

"Tsekaninso."

282.

Pabwalo panaphulika. Wina anakuwa kuti, "Mashallah, ng'ombe!" Wina anafunsa a Hajji kuti munthu wotere angatuluke matini angati a mafuta. Mkulu wa munda waukulu uja anaseka mpaka kutsokomola. Zuhair analumpha pasikelo nkhope ili psuu, n'kumuloza Taghrid chala.

"Wachita dala! Wasintha kanthu, njoka iwe!"

"Ndisinthe bwanji? Mwalumbira nokha kuti palibe amakhudza."

"Khala chete, wopanda mwambo!"

"Ndakhala chete sabata yonse, dzina langa mukulipondaponda. Mzere umodzi, a Zuhair. Ndinakupemphani pafoni ngati munthu."

A Hajji Mifleh sanaseke nawo. Anayang'ana a Abu Qusai nthawi yaitali. "Ndiye inu munandituma kuti ndikanyoze mwana wa mnansi wanga pamaso pa mudzi?"

A Abu Qusai anaika kapu ya khofi pansi asanamwe. Anadutsa pafupi ndi Taghrid, ndipo mawu awo anali otsika kuti amve yekha. "Wandivula pagulu. Lamlungu usabwere. Katundu wako tikutumizira." Anakoka mlamu wawo pamkono, iye akutukwanabe, ndipo galimoto yawo inanyamuka ndi fumbi.

Basi, ntchito inathera pomwepo. Taghrid anaima pafupi ndi tebulo. Ankaganiza kuti akondwa, koma anangomva kutopa, ndi misozi yaukali imene anaikaniza kutuluka. Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, nauza a Hajji kuti mpaka akukampani adzakonze, zenera lisatsekedwe. Wofuna kubisa aphimbe galasi ndi nsalu.

Kenako kunamveka kulira kwa injini. Kagalimoto ka a Abu Sakher kanabwera chafutambuyo mpaka pasikelo, anthu n'kupatuka. Bamboyo anatsika, nayamba kutsitsa matumba yekha, osalola womuthandiza. Amuna anasendera pafupi monga mwa chizolowezi, makosi atasomphoka. A Hajji anavula mpango wa kumutu kuti aphimbe galasi, pakuti m'mudzi monse munalibe munthu woopa diso la anzake ngati a Abu Sakher. Chikhalire, palibe ankadziwa kuti munda wawo umatulutsa zingati.

"Chotsa mpangowo, Hajji," anatero a Abu Sakher.

Anatembenukira kwa mwana wawo, ndipo aka kanali koyamba kumuyang'ana kumaso.

"Khala pampandopo, upime iwe. Ndipo usatseke zeneralo."

"Anthu aona, ababa."

"Aone. Uwerenge mokweza."

Taghrid anakhala pansi, anadina, ndipo anawerenga nambala ya azitona a bambo ake pamaso pa mudzi wonse. Mawu anamuthawa pakati, moti anachita kubwereza.