Zigafa Khumi ndi Ziwiri m'Foni ya Alufeyo

"Zonse, achimwene. Tisamutse zonse, muzikasankha kunyumba mutakhala pansi."

"Ndanena kuti m'foni yatsopano simulowa zinyalala. Munthu ukamasamuka umanyamula ndi phulusa lomwe?"

"Si phulusa, ndi anthu."

"Anthu ake anapita kwawo. Iwe Febe, ndakutenga kuti undiwerengere Chingerezi cha m'fonimu, osati undiphunzitse ntchito yanga."

Florence, mwini kontena yokonzera mafoni pa Nsaru, ankangowayang'ana atagwira tsaya. Linali tsiku la msika, fumbi likuchita kulowa m'kamwa, ndipo pathebulo pake panali mafoni awiri. Yatsopano inali isanamatulidwe n'kapulasitiki komwe. Yakale inali ndi galasi long'aluka ngati dambo la mu Okutobala, batire lotupa, kumbuyo atamanga ndi mphira, ndipo inkayaka pokhapokha ili pa chaja. Anapangana kuti yakaleyo itsala kwa Florence, aifufute zonse n'kuiphwasula kuti atengemo zokonzera mafoni ena.

"Akapitawo, ndibwereze," anatero Florence. "Mayina anuwa sali mu simu khadi. Sali pa imelo, poti imeloyo munaiwala pasiwedi yake. Ali m'mimba mwa wodwalayu. Ine ndingowamanga mtolo umodzi, ndiponye pa bulutufu, mphindi ziwiri zatha. Koma zosankha ngati nyemba zofumbwa, pepani, ndili ndi makasitomala."

"Ndisankha ndekha," anayankha Alufeyo, mlongo wake wamkulu wa Febe. "Zomwe sindikuzifuna ndifufuta pompano, zotsalazo muponye."

Alufeyo anali kapitawo pa esiteti ina ya fodya cha ku Kabudula, ndipo anali ndi kasungidwe kake ka manambala. Matenanti sankawalemba mayina. Lole ikawatsitsa kuchokera ku Phalombe, ku Mulanje kapena ku Thyolo, banja loyamba kutsika ankalilemba Chigafa 1, lachiwiri Chigafa 2, mpaka onse atatha. Pa zigafa zenizenizo, zomwe ankayanikamo fodya, sipankalembedwa kanthu. Manambalawo ankakhala m'mutu mwake ndi m'foni basi. Ankati mayina a kum'mwera amamupinda lilime, komanso munthu wokhala nyengo imodzi n'kumuloweza dzina n'kudzivutitsa, ngakhale nyengo ikamatha mayinawo ankakhala atawadziwa ndithu.

Chaka chatha anaiwala kufufuta akale. Tsiku lina anaimbira Chigafa 4 n'kumukalipira kuti nazale yauma, pamene munthuyo anali kwawo ku Thyolo akudya nthochi, atachoka miyezi itatu m'mbuyomo. Munthuyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati akapitawo ali bwinobwino m'mutu. Kuyambira pamenepo Alufeyo analumbira kuti lole yatsopano isanafike, zigafa zakale zizichoka. Lole ya chaka chino inali kubwera Loweruka.

Febe zonsezi ankazidziwa. Chomwe sankadziwa n'chakuti mwa zigafa khumi ndi ziwirizo, cha kwa a Nakhwala chinali chiti.

Atamaliza mayeso a Fomu 4 ankapita ku esiteti kukasiya chakudya cha mlongo wake, ndipo poti kunyumba kunalibe chochita, ankatsalira kuthandiza amayi osankha fodya. Kumeneko ndiye anakumana ndi Kingsley, mwana woyamba wa a Nakhwala, mnyamata wamtali yemwe analekezera Fomu 3. Anayamba ndi kubwereka buku la Bayoloje. Anabweza, n'kubwerekanso lomwelo. Kachitatu Febe anamufunsa ngati bukulo likumuvuta, iye anati ayi, bukulo analimaliza kale, chomwe sanamalize ndi kulibweza. Kwa masabata asanu ankayenda limodzi kuchokera pa jeke yodindira mabelo mpaka pa mjigo, mtunda woti munthu wofulumira sangamalize n'nyimbo imodzi yomwe, koma iwo ankautalikitsa.

Tsiku lomwe lole inabwera kudzatenga matenanti, Kingsley anamugwira dzanja kuseri kwa mabelo n'kumulemba nambala pachikhatho ndi bolopeni. Inali ya foni ya mabatani ya bambo ake, koma ankaisunga ndi iyeyo. "Ine sindingaimbe pa foni ya akapitawo, angandidye," anatero. "Iwe ukabwereke kwa mnzako undiimbire." Febe anafumbata dzanjalo ulendo wonse wobwerera kunyumba, dzuwa lili pamutu, kuopa kuti wina angaone. Atafika n'kutambasula, thukuta linali litadya zonse. Kunangotsala 099, zomwe theka la dziko lino lili nazo.

Mudzi wa kwawo kwa Kingsley sankaudziwa. Ankangodziwa kuti ndi ku Phalombe, kuseri kwa phiri, komwe nandolo amatalika kuposa munthu. Masabata asanu ndi awiri anali atapita. Foni ya Alufeyo inkagona m'thumba la mwini wake, yokhoma ndi chala. Ndiye atamva kuti akufunika pa Nsaru, Febe anavala msangamsanga mpaka bulauzi anaitembenuza. Nzeru yake inali yoti zonse zilowe m'foni yatsopano, iye ndiye aziphunzitsa achimwene kagwiritsidwe kake, ndipo tsiku lina akopere manambala onse khumi ndi awiri n'kumaimba imodziimodzi mpaka atamva mawu omwe ankawafuna.

Kungopempha sikunali kotheka. Bambo awo anamwalira, amalume ali ku Joni, ndiye mwini mbumba anali Alufeyo yemweyu. Kwawoko mtsikana satchula dzina la mnyamata kwa mlongo wake mwamasewera. Ukatchula ndiye kuti nkhani yafika kwa nkhoswe, mawa lake amayi adziwa, mkuja akulu a mpingo adziwa. Komanso mnyamata wake, mwana wa tenanti! Alufeyo akamanena za matenanti ankachita ngati akunena za mvula: imabwera, imagwira ntchito yake, imapita.

Alufeyo anakhala pa benchi, chingwe cha chaja chitatambasuka mpaka kumapeto, n'kuyamba kutsitsa mayina ndi chala chake chokhakhala.

"Abusa, akhale. Adokotala a ng'ombe, akhale. Agogo a Dainess, anamwalira awa, koma akhale kaye. Bwana Wamkulu, Bwana Wamng'ono, Bwana Mkazi." Anaima. "Eya, tafika. Chigafa 1. Apa palembedwa chiyani, Febe?"

"Akufunsa ngati mukutsimikiza kuti mufufute."

"Ndikutsimikiza. A Namaona awa, mowa Lolemba, mowa Lachiwiri. Pitani bwino." Anadina.

Febe anapuma. Sanali a Nakhwala. Anazindikira kuti mlongo wakeyo sangafufute munthu osamunenera kanthu, ndiye anasendera pafupi, maso pa galasi long'alukalo, khutu kwa mwini foni. Akangomva dzina la a Nakhwala, aloweza nambalayo Alufeyo asanadine. Manambala khumi okha. Anthu amaloweza mitsinje yonse ya mu Africa, iye angalephere manambala khumi?

"Chigafa 10," anawerenga Alufeyo. "Bwanji 10 akubwera 2 asanabwere? Foni iyi ndi yodwaladi."

"Zimatero basi," anatero Florence, akulumikiza foni ya kasitomala wina ku batire la sola.

"A Mpaso awa. Fodya wawo anali wabwino koma pakamwa ngati wailesi. Pitani. Chigafa 11, mayi wamasiye uja, wolimbikira kuposa amuna atatu. Mulungu awadalitse, koma apite."

"Achimwene, bwanji ndiwalembe papepala? Mwina bwana adzawafuna."

"Bwana akafuna anthu amatuma lole, satuma foni."

"Nanga wina akaiwala katundu?"

"Anaiwala chiyani? Ngakhale misomali ya pa chitseko anazula."

"Mwina wina angadzafune kubweranso."

"Akabwera ndidzamupatsa nambala ina. Kodi iwe lero wadya chiyani?"

Florence anatembenuka n'kumuyang'ana Febe kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mmene amayang'anira foni yomwe mwini wake akuti sinagwe m'madzi.

"Asisi, inu mumagwira ntchito ku esitetiko?"

"Ayi, ndimangothandiza."

"Mumathandiza, eti? Chifundo chanu pa matenanti n'chachikulu ndithu. Mukanakhala ku chipatala cha Namitete akanakupatsani ntchito ya unesi."

"Ameneyu ndi wa mabuku," anatero Alufeyo osadzutsa mutu. "Akawerenga nkhani amalira ndi anthu a m'bukumo. Chigafa 12, a Likhutcha. Awa anandipatsa nkhuku. Nkhukuyo tinadya. Pitani."

Zinayi zinapita. Febe anasenderanso pafupi. Kunja wogulitsa kaunjika ankakuwa mitengo, wa kabaza ankaliza belu, minibasi ya ku Lilongwe inkaitana anthu ngati ikunyamuka pompo pamene inali isanadzaze n'theka lomwe. Iye ankangoona chala chija. Anaganiza za Kingsley atakhala pakhonde ku Phalombe, kafoni ka mabatani kali pa bondo, akudzifunsa kuti mtsikana wa ku Kabudula uja anali wotani, wolandira nambala n'kungoti zii. Mwina anasiya kale kudikira. Mwina kwawoko kuli wina wodziwa kuphika nyemba za kalongonda. Febe anafuna kulanda foniyo n'kuthawa nayo, koma ikanazima asanatuluke n'pakhomo pomwe.

Kenako inazimadi yokha. Alufeyo anali atakoka chingwe mopitirira.

"Mwaona?" anatero Florence. "Wodwalayu musamamuvutitse. Akazima kawiri katatu sadzukanso, ndiye mudzalira ndi Abusa anu omwe." Anabwezeretsa chaja, n'kugwedeza pang'ono pomwe chimalowera. Anadikira. Galasi linachita mdima nthawi yaitali, kenako linayaka monyinyirika.

Febe anapeza kuti wagwira m'mphepete mwa thebulo ndi manja onse awiri.

"Akapitawo, nthawi," anatero Florence. "Taonani, simufunika kuwatsanzika mmodzimmodzi ngati pa maliro. Dinani apa, musachotse chala. Eya. Tsopano chongani onse omwe simukuwafuna, mufufute kamodzi."

"Zimatheka? Bwanji osanena kale?"

"Mumafunsa? Inu mumangolamula."

Alufeyo anaseka, n'kuyamba kuchonga. Chigafa 2, Chigafa 3, Chigafa 4. Sankanenanso za munthu aliyense. Manambala sankaonekanso, kunkangooneka mayina ndi timabokosi tobiriwira. Chigafa 5, Chigafa 6. Febe anayesa kukumbukira mmene anthu anatsikira mu lole chaka chatha, koma tsiku limenelo iye anali m'kalasi akulemba za nthaka ndi manyowa. Chigafa 7, 8, 9.

"Zisanu ndi zitatu," anatero Alufeyo. "Febe, apa akuti chiyani?"

Febe anayang'ana. Mawu ake anali omwe aja, kufunsa ngati akutsimikiza.

"Akuti... akuti dikirani kaye."

"Akutero?" Alufeyo anayandikitsa foni kumaso. "Koma zilembo zake zikufanana ndi zoyamba zija."

"Sakutero," anatero Florence mosabisa, ngakhale mawu ake anali ofewa. "Akufunsa ngati mukutsimikiza. Wonena kuti dikirani ndi mlongo wanuyu."

Alufeyo anatsitsa foni pa bondo, chala chili m'mwamba pang'ono pa galasi. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anamuyang'ana Febe bwinobwino, mpaka anaona msoko wa bulauzi uli kunja.

"Wanama Chingerezi, iwe? Kwa ine?"

Febe anabisa msokowo ndi dzanja.

"Kuyambira kunyumba wakhala ukulimbana nane. Ndati mwina ndi nsanje ya foni. Kodi muli chiyani m'zigafamu? Wina anakulakwira? Nena, lole ndikudziwa komwe inawatsitsa."

"Palibe anandilakwira."

"Nanga?"

Kasitomala yemwe ankadikira foni yake anasiya kuyang'ana kumsewu. Florence anayamba kupukuta thebulo lomwe linali loyera kale. Febe anadziwa kuti akatsegula pakamwa, madzulo ano amayi akhala atamva, Lamulungu amayi a chigwirizano azidzamuyang'ana cham'mbali, ndipo achimwene akewa mwina sadzamutumanso ku esiteti. Anadziwanso kuti chala chija chatopa kudikira.

"Febe, ndikudina."

"Musadine." Mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ankafunira. Anagwada pafumbi la pakhomo la kontenayo, monga amachitira popereka madzi kunyumba, koma maso sanagwetse. "Achimwene, mwa zisanu ndi zitatuzo, cha a Nakhwala ndi chiti? Ndikufuna nambala ya mwana wawo, Kingsley. Ndimamufuna, naye amandifuna. Zinazo fufutani, koma imeneyo mundipatse."