Phewa la Apenta

Pa anthu onse amene anali m'minibasi imene inachita ngozi ija, Apenta ndi amene anatuluka ooneka bwino. Wina anathyoka mwendo, kondakitala anasiya mano awiri pachitsulo cha mpando, koma iwo anadzisansa fumbi n'kuyamba kuthandiza kutulutsa anzawo. Kuchipatala anawajambula phewa, dokotala n'kuyang'ana chithunzicho powala, n'kunena kuti mafupa onse ali m'malo mwake, athokoze Mulungu. Anathokozadi. Sankadziwa kuti fupa lothyoka lili ndi ubwino wake, chifukwa limadzichitira lokha umboni.

Chomwe chinang'ambika ndi minofu ya m'kati mwa phewa lamanja. Kunja kunalibe bala, ngakhale kotupa koti n'kuonetsa munthu. Ululu unafika tsiku lachitatu, ndipo unabwera ngati mlendo wa chikwama chachikulu, uja woti ukangomuona umadziwa kuti sachoka mawa. Munthu amene kwa zaka makumi atatu ankadyera mkono wokweza, kupenta makoma ndi masiling'i a eni ake mpaka dzina lake lenileni kuiwalika, tsopano ankalephera kufikira chipewa pa msomali.

Za ntchito zinali zopiririka. Nkhani yeniyeni inali ya m'nyumba. Akazi awo anadwala sitiroko zaka zinayi m'mbuyomo, mbali ya kumanzere n'kufa, koma pakamwa ayi, pakamwa panatsala pamoyo ndithu. M'mawa uliwonse Apenta ankawanyamula kuchoka pabedi kupita kubafa, kuchoka kubafa kupita pampando wa pawindo, pomwe mayiwo ankalondera msewu wonse ndi maso n'kudzapereka lipoti madzulo.

"Chikepe chafika," ankatero akaona amuna awo akupinda manja a malaya. "Koma pang'onopang'ono, katundu wake ndi wamagalasi."

Patatha sabata chichitikire ngozi ija, chikepe chinaduka. Anali atangowadzutsa pabedi pomwe phewa linachita ngati lalasidwa ndi msomali wamoto, mkono n'kumasuka wokha. Mayiwo anamenyetsa chiuno pasimenti. Sanalire, anangoyang'ana kudenga n'kunena kuti lero atsikira siteji yolakwika. Koma mng'ono wa mayiwo, wogulitsa nsalu mumsika, amene lilime lake limadula kuposa sizasi yake, atamva anabwera ndi galimoto ya hayala tsiku lomwelo.

"Alamu, sindikukulandani mkazi," anatero akulongedza mankhwala m'jumbo. "Mukachira mudzawatenge. Koma ine akulu anga ndili nawo amodzi okha, sindingadikire kuti muwaswe kawiri."

Miyezi itatu inadutsa. Nyumba ya zipinda ziwiri inakula ngati holo. Apenta ankadzuka n'kutereka madzi osamba a anthu awiri, n'kudzazindikira ndowa itadzadza kale. Mpando wa pawindo sanausunthe, ndipo khushoni yake inali idakali ndi kadzenje ka mwini wake. Masana ena ankaima kumbuyo kwake n'kumayang'ana msewu, kuyesa kuona zomwe mayi aja ankaona, koma iwo ankangoona anthu akudutsa basi. Nkhani zonse za mumsewumo zinapita ndi wozinena. Anawasowa akazi awo, ndipo chomwe anachisowa kwambiri ndi kulemera kwawo, dzanja lija lamoyo likukoleka m'khosi, ndi fungo la sopo m'tsitsi lonyowa.

Lamlungu lililonse ankakwera maminibasi awiri kukawaona. Ankafika atameta bwino, n'kukhala pasofa ya eni ake ngati munthu wodzafunsira mbeta, ndipo alamu awo akafunsa za phewa, yankho linali limodzi.

"Lachira kalekale ili. Mawa lomwe ndikhoza kupenta tchalitchi."

Koma pakati pa sabata, ku ofesi ya inshuwalansi ya minibasi ija, nyimbo inali ina. Kuchipatala anawauza kuti phewalo lingachire ndi mafizo a miyezi isanu ndi umodzi kwa akatswiri olipira, ndipo njira yokha yofikira kumeneko inali chipukutamisozi. Choncho ankakwera masitepe a ofesiyo ndi envulopu yawo yakhaki, momwe munali lipoti la apolisi, la chipatala, ndi malisiti a mankhwala opha ululu. Ankakhala pamzere wa mipando yapulasitiki n'kumayang'ana siling'i, yomwe wina anaipenta kamodzi kokha, madontho a mvula akuonekera pansi pake. Zinkawapweteka mtima kuti munthu wotere analipidwa.

Kalaliki wa fayilo yawo anali mayi wa magalasi, wosakwiya komanso wosafulumira.

"Za minofuzi n'zovuta, bambo," anawauza. "Wothyoka fupa timangoona pachithunzi. Inuyo chithunzi chanu n'chokongola kuposa changa. Ndiye Lachinayi mukaonane ndi dokotala wa kampani, akakuyezeni yekha. Mubwere ndi wachibale wodziwa mmene mumakhalira kunyumba, akasayine ngati mboni."

Wachibale wake uti? Mwana wawo yekhayo anakwatiwa kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Anatsala ndi alamu omwe aja. Apenta anaizungulira nkhaniyo ngati galu pa mphika wotentha, koma mayi wa nsaluyo anavomera msanga moti zinawaopsa.

"Zakhala bwino, ndikadzimvere ndekha. Dokotalayo akakanena kuti mwachira, akulu anga akubwerera kwawo tsiku lomwelo. Galimoto ndilipira ine."

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Apenta mwambiwu ankaudziwa bwino, ankawauzanso anzawo, koma mwambi umaoneka bwino ukakhala pa mnzako.

Chipinda cha dokotala chinali chaching'ono, cha bedi lalitali lokutidwa ndi pepala, ndipo pakhoma panali mizere yofiira yokwera ngati makwerero, iliyonse ndi nambala yake. Alamu anakhala pampando wa pakona, chikwama pamiyendo, maso pa Apenta. Dokotalayo anali wa imvi, wolankhula motsitsa. Anawavulitsa malaya, n'kufunsa zomwe akulephera kuchita chichitikire ngoziyo.

Yankho linali lokonzeka, analiloweza m'minibasi. Kuvala, kupesa, kugonera kumanja, kugwira bulashi. Koma anamva maso aja akuwaotcha pamsana.

"Zambiri ndimachita," anatero.

"Chabwino. Imani apa, mbali kukhoma. Mukweze mkono pang'onopang'ono, ndipo pomwe ululu wayambira muime. Sitikupikisana, bambo, palibe mphotho ya wofika pamwamba."

Mphotho inalipo, dokotalayo sankaidziwa chabe. Mkono unanyamuka. Usanafike n'pachifuwa pomwe, msomali uja unalowa. Apa ndi pomwe anayenera kuima, ndipo akanaima, miyezi isanu ndi umodzi ya mafizo inali m'manja. Koma miyezi isanu ndi umodzi ndi masabata angati a kukhala pasofa ya eni ake, kumwa tiyi, n'kutsanzika dzuwa lisanalowe? Anaona mpando wa pawindo, ndi kadzenje kaja ka pakhushoni komwe kanali katayamba kufufuma. Anakukuta mano, n'kuyang'ana kudenga monga ankachitira pantchito, mkono n'kudutsa mzere wina, winanso, mpaka zala zinaloza siling'i.

"Zikupweteka?" anafunsa dokotala.

"Ayi."

"Mukutuluka thukuta."

"Muno mwatentha."

Dokotalayo sanali mwana. Anawapatsa chigubu cha madzi kuti achikweze kufika paphewa, ndipo Apenta anachizindikira kulemera kwake, chinali ngati chitini cha penti cha malita asanu. Anachikweza. M'maso munachita mdima, m'makutu mukulira, koma anachikweza n'kuchitsitsa bwinobwino, osachiponya. Dokotala anavula magalasi n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, ndikufunsani komaliza. Ine ndimalemba zomwe ndaona ndi zomwe mwandiuza. Palibe pomwe pakupweteka?"

"Ndachira, adokotala."

Cholembera chinayenda. Alamu anasayina pomwe anawalozera. Kunja, kalaliki wa magalasi uja anawerenga pepalalo kawiri, n'kuusa moyo.

"Ndiye mwativutitsiranji miyezi yonseyi? Apa tikubwezerani za mankhwala zokha, fayilo n'kutseka. Mukafuna kudandaula muli ndi masabata awiri, koma ndi pepala ili sindikuona podandaulira."

Potsika masitepe Apenta analowetsa dzanja lamanja m'thumba la buluku. Mkono wonse unali ukuyaka mpaka m'khutu. Komabe mumtima munali kachimwemwe kouma mutu, ka munthu amene wagulitsa njinga kuti agule belu lake. Alamu anaimitsa galimoto ya hayala, n'kuwatsegulira okha chitseko.

"Lonjezo ndi lonjezo," anatero, maso ali kumsewu. "Dokotala wanena."

Anawapeza mayi aja ali pabedi m'chipinda cha alendo, atavala diresi la maluwa achikasu lomwe ankalisungira maulendo. Chikwama chinali chotseka kale pafupi ndi chitseko. Kaya anawauza ndani, kaya anangolongedzeratu mwa chikhulupiriro, Apenta sanafunse. Windo la chipindacho linkayang'ana mpanda wa njerwa, ndipo anazindikira kuti kwa miyezi itatu akazi awo akhala akulondera khoma.

"Akuti achira," analengeza alamu ali pakhomo. "Galimoto ikudikira panja. Anyamuleni, alamu, katundu wanu uyo."

Nkhope ya mayiwo inawala mbali imodzi, mbali yamoyo ija. Anatambasula dzanja lawo lamanja.

"Chikepe chafika."

Apenta anapinda manja a malaya. Anawerama, dzanja lija n'kuwakoleka m'khosi, lofunda, lolemera monga kale, ndipo fungo la sopo linawafika. Analowetsa mkono wamanzere kumsana, wamanja kunsi kwa mawondo. Zonse zinali m'malo mwake. Kuchoka pabedi kufika pagalimoto panali mapazi osakwana makumi awiri, ndipo pansi ponse panali simenti. Anakumbukira mmene chiuno chija chinalirira pogunda pansi. Dokotala anatheka kunamizidwa, kampani inatheka, alamu kaya, koma simenti siimva bodza.

Anakhala chiweramire, osanyamula, osasiya. Kenako anagwada pambali pa bedi, chipumi n'kuchitsamiritsa pa diresi la maluwa lija.

"Sindingathe, mayi," anatero. "Ndikugwetsaninso."

Panja woyendetsa galimoto analiza hutala kamodzi, alamu n'kutuluka kukalankhula naye, ndipo potuluka anatseka chitseko mwaulemu umene sanauonetsepo chiyambire.

"Ndimadziwa," anatero mayiwo. "Zaka zonsezi ndinakuonanipo liti mukumwa tiyi ndi dzanja lamanzere? Ndafa mbali imodzi, bambo, koma maso onse awiri akugwira ntchito."

"Nanga munalongedzeranji?"

"Inunso munanamiranji kwa dokotala? Tonse tikufuna kwathu."

Dzanja lawo linachoka m'khosi, n'kutsetserekera paphewa, zala zikufufuza pang'onopang'ono pansi pa malaya. Zinadutsa fupa lomwe makina analiyamikira lija, n'kutsikira kumbuyo pang'ono, n'kudina. Apenta anakuwa. Kunali kukuwa kwenikweni, kochokera m'mimba, komwe anakusunga miyezi itatu, ndipo misozi inatsatira yosaitanidwa. Kukuwa kumeneku kukanamveka maola awiri m'mbuyomo m'chipinda cha mizere yofiira, bwenzi nkhani ili ina.

"Ndi pamenepa," anatero mayiwo, osachotsa dzanja. "Mwalirira kwa munthu wopanda chidindo. Mawa mubwerereko, mukawauze kuti munanama, ndiponso chifukwa chake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Akandiseka."

"Akusekeni. Ine mwandigwetsapo, ndinakusekani, munafa?"

"Nanga akakana?"

"Akakana tidzaona zina. Koma ine simundinyamula ndi bodza."

Alamu anabwerera n'kunena kuti galimoto yapita, ndipo kuti mawa sitolo atsegula mochedwa, chifukwa mboni imene inasayina zabodza iyenera kukafufuta yokha. Ananyamula chikwama chija n'kuyamba kubwezera zovala mu kabati, chimodzichimodzi, akudandaula kuti anthu awiri akuluakulu awatayitsa tsiku lonse la malonda.

Apenta anatsanzika dzuwa likadalipo, kuti apeze minibasi yachiwiri. Ali pakhomo, akazi awo anawaitananso.

"Mpando wanga uja musamakhalepo, mungandiwonongere khushoni. Ndipo muziyang'anako mumsewu, Lamlungu mudzandiuze zomwe zikuchitika. Kuno khoma silinena kanthu."

Atafika kunyumba anaika envulopu yakhaki patebulo, pomwe sangaiiwale m'mawa. Kenako anakaima kumbuyo kwa mpando uja, dzanja lamanzere litagwira phewa, n'kuyamba kuyang'ana anthu odutsa mmodzimmodzi, kuti apeze choti akanene Lamlungu.