Manambala Amene Bambo Anasiya M'makina

Lachiwiri m'mawa Amayi anagwetsa kapu. Sinasweke, inangogubuduzika mpaka kunsi kwa tebulo, tiyi n'kumwazikira pa simenti. Iwo anangoima chilili, dzanja lili kumbuyo kwa khosi, maso atatsinzina.

"Mutu?" ndinafunsa.

"Sindinagone bwino basi. Tola kapuyo, usandiyang'ane ngati ndaba."

Bambo nawonso anayamba ndi kapu. Miyezi itatu yapitayo, ine ndili ku koleji, anagwetsa kapu m'khitchini momwemu, pakamwa pawo n'kupotokera kumanzere. Pamene ndinkafika kuchipatala n'kuti atasiya kulankhula. Adokotala anati mtsempha wa m'mutu unaphulika chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Tsiku lachitatu anatisiya. Titaika maliro sindinabwererenso kusukulu, kumene ndinkaphunzira zoyeza malo. Anthu ndimawauza kuti ndapuma kaye. Mabuku akadali m'chikwama chimene ndinabwera nacho, zipi sindinatsegule.

Tsiku limene Bambo anamwalira, Amayi anakomoka pakhonde la chipatala. Anamwino atawayeza anati nawonso BP yawo ndi yokwera. Anawapatsa mapiritsi ndi kabuku kolembamo manambala m'mawa uliwonse. Makina oyezera tinali nawo kale, amene ndinabweretsera Bambo patchuthi: kabokosi koyera, kapaipi, ndi lamba womanga pamkono.

Choncho m'mawa uliwonse ndinkamva kulira kwa makinawo kuseri kwa khoma, tii, tii, tii. Kenako Amayi ankatuluka ndi kabuku kaja atalemba 126 pa 80, kapena 130 pa 82. Kumapeto kwa mwezi ankandituma ine kukatenga mapiritsi, ati kushopu ntchito yachuluka. Kawiri konse anamwino anawerenga kabukuko n'kunena kuti, "Akuchita bwino amayi anu. Koma mwezi wamawa abwere okha, tiwaone."

Lachiwiri limenelo, Amayi atapita kushopu, ndinalowa kuchipinda kwawo. Sindinali ndi cholinga chenicheni. Kapu ija inkangogubuduzika m'mutu mwanga. Makina ndinawapeza m'dirowa, atakulungidwa ndi malaya a Bambo. Pambali pake panali mapaketi a mapiritsi a miyezi iwiri, ochepa okha ndi amene anali atachotsedwa.

Ndinanyamula lamba uja. Anali womatabe mozungulira, chibowo chachikulu chokwana mkono wa Bambo. Mkono wa Amayi ndi wowonda, ungalowe iwiri m'menemo. Pamenepo ndinazindikira chinthu chimene ndinayenera kuchizindikira kalekale. Makinawa akamayeza amang'ung'udza, akupopera mpweya mu lamba. Miyezi yonseyi ndinkamva tii, tii yekha, kulira kwa mabatani. Kung'ung'udza sindinakumve ngakhale tsiku limodzi.

Ndinadina kabatani koonetsa manambala akale. Makinawa amasunga manambala 60 okha, ndi deti lake. Nambala yomaliza inali 171 pa 99, ya mlungu umene tinaika maliro. Kuchokera pamenepo palibe anayezanso. Ndinadinanso. Panabwera 204 pa 118, m'mawa wa tsiku la kapu ya Bambo. Kenako 196. Kenako 190, 193, 188.

Lamlungu lililonse ndinkawaimbira foni Bambo. "Lero yati bwanji?" Iwo ankaseka. "130, ngati mnyamata wa mpira. Iwe werenga, usamadandaule za nkhalamba." Ndinafufuza deti la Lamlungu lomaliza limene tinalankhulana. Panali 187 pa 109.

Ndinaika makina m'jumbo n'kuyamba kuthamanga. Kushopu ndi mtunda wa mphindi khumi ukamayenda bwinobwino, kudutsa pagalaja, pamalo ometera, ndi pamzere wa ogulitsa nsapato zakale. Wometa anandikuwira kuti, "Akukuthamangitsa ndani?" Sindinacheuke. Njira yonse ndinkaona Amayi atagona pansi pakati pa zidutswa za nsalu, pakamwa patapotoka.

Shopu yake ndi chipinda chimodzi: makina osokera awiri, tebulo lodulirapo, simbi, galasi lalitali losweka pakona, ndi katani yobisalira oyesa zovala. Amayi amasoka limodzi ndi Azakhali, mlongo wawo wa Bambo, mayi wamawu akulu amene sanandikhululukirebe chifukwa chosiya sukulu.

"Pulofesa wafika!" anatero Azakhali, mapini ali pakamwa. "Imitsani makina, alamu, tilandire digiri."

Amayi anali moyo, atakhala pampando wawo. Anali atagwira ulusi, akulimbana ndi diso la singano. Analasa kumanzere, n'kulasanso kumanja.

"Bweretsani kuno," anatero Azakhali, akutambasula dzanja ngati chinthu chozolowereka. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mlungu wonsewu ndine ndikuwalowetsera ulusi. Akuti akuona singano ziwiri. Ndawauza kuti asankhe yokongolayo."

Ndinatulutsa makina n'kuwaika patebulo lodulirapo, pamwamba pa nsalu yoyera ya kasitomala. Nkhope ya Amayi inasintha.

"Wakupatsa ndani chilolezo cholowa kuchipinda kwanga?"

"Amayi, bweretsani mkono."

"Usakhudze batani lalikululo. Wamva? Usalikhudze."

"Manambala a m'kabuku aja mumawatenga kuti?"

Amayi anakokera makinawo pafupi nawo. Azakhali anachotsa mapini pakamwa, imodziimodzi.

"Ndinanyamula bodza lanu kawiri kupita nalo kwa anamwino," ndinatero. "Ine n'kumathokoza, n'kumamwetulira ngati chitsiru."

"Ndiwe unatiuza wekha," anatero Amayi motsitsa mawu. "Tsiku lija unabweretsa makinawa. Unati akadzadza, nambala yatsopano ikalowa, yakale kwambiri imatuluka. Ine ndinaiwala. Titaika maliro ndinayeza kamodzi. Nditayang'ana kumapeto, tsiku lina la bambo ako linali litachoka. Linali tsiku limene tinapita kukagula nsalu ya makatani, iwo n'kukangana ndi wamusitolo za mtundu, mpaka tonse kuseka. Linapita. Atsala masiku 59. Ukufuna ndiwafufute ndi mkono wangawu?"

"Ndiye tii, tii wa m'mawa uja?"

"Ndimawaona. Lililonse ndimalidziwa."

"Alamu inu!" Azakhali anamenya tebulo. "Achimwene anga anali ouma mutu ngati chitsa, Mulungu awasunge, ndiye inu mwatengera zimenezo m'malo motengera wailesi? Tiyeni kuchipatala akakuyezeni ndi makina awo."

"Pakhonde paja sindipondaponso. Palibe chikundiwawa. Ndi mutu chabe, ndipo ukavuta ndimamwa piritsi."

Funso lina linali litandikhala pakhosi kuyambira kunyumba. Ndinkadziwa kuti si nthawi yake, koma linatuluka.

"Munkadziwa kuti Bambo akundinamiza?"

Amayi anayang'ana nsalu. "Anati usamuuze mwana, ali ndi mayeso."

"Mayeso ake sindinalembe."

"Ndikudziwa."

"Tsopano inu mukundisungira chiyani? Ndili ndi mayeso ati?"

Anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma m'malo mwa mawu, dontho lofiira linagwa pansalu yoyera ija. Kenako lina. Magazi ankatuluka m'mphuno mwawo pang'onopang'ono. Iwo anayang'ana madonthowo modabwa.

"Nsalu ya eni ake," anatero.

"Siyani nsalu!" Azakhali anatola kachidutswa koyera n'kuwatsina nako mphuno. "Weramani pang'ono. Iwe Pulofesa, waima ngati mtengo wa magetsi bwanji? Yeza!"

Maso anga anali pamilomo ya Amayi. Kodi ngodya yakumanzere yatsika, kapena ndi dzanja la Azakhali likuikoka? Sindinathe kusiyanitsa. Ndinagwira lamba, koma Amayi anaphimba batani lalikulu ndi chikhatho chawo. Dzanjalo linali lotentha ndi lolimba. Ndikanatha kulichotsa mwamphamvu. Ndinaopa kuti ndikawakwiyitsa, mtsempha uphulika pomwepo ine ndikuona.

"Amayi, mverani. Lituluka limodzi lokha, lakale kwambiri. Ndiyamba ndalilemba."

Ndinang'amba pepala lakhaki lodulirapo masitayilo, n'kutenga pensulo kukhutu kwa Azakhali. Kuti ufike pa nambala yakale kwambiri umayenera kudutsa zonse, imodziimodzi. Ndinadina kabatani kaja pansi pa dzanja lawo, tii, tii, tii, masiku a Bambo akubwerera m'mbuyo. Chala changa chinkaterereka ndi thukuta. Pakati ndinadina molakwika, makina n'kuzima, n'kuyambiranso. Azakhali ankapemphera ndi kutukwana nthawi imodzi.

"Ili," ndinatero. "158 pa 94. Lachinayi, pa 9." Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu.

"Pepala si chimodzimodzi," anatero Amayi, mawu akutulukira m'kansalu. "Za m'makinamo zinalembedwa ndi mkono wa bambo ako."

"Bambo ndatsala nawo m'kabokosi aka. Inu sindikufuna kukusungani m'menemo."

Anandiyang'ana ndi maso ofiira. Kenako anayang'ana pepala lija.

"Pa 9," anatero. "Anakonza mpini wa simbi iyo. Anadziwotcha chala, n'kunena kuti ndine ndinaisiya yoyaka."

"Munaisiyadi," anatero Azakhali.

Dzanja la Amayi linachoka pabatani.

Ndinamatula lamba. Anapanga phokoso ngati nsalu ikung'ambika, ndipo chibowo cha mkono wa Bambo chinatha pomwepo. Ndinamuzunguliza pamkono wa Amayi, pamwamba pa chigongono, n'kuugoneka patebulo. "Musalankhule," ndinatero, n'kudina.

Makina anang'ung'udza. Manambala anakwera, 120, 150, 180, makina n'kuima pang'ono ngati akuganiza, kenako n'kupopanso. Ndinali nditaiwala kuti amachita zimenezo akapeza kuti magazi akukankhabe. Mpweya unayamba kutuluka pang'onopang'ono. Kachizindikiro ka mtima kankaphethira pagalasi. Panja wina ankaitanira malonda a nsapato.

Panabwera 198 pa 116.

Azakhali anadzambatuka. Anatuluka opanda nsapato n'kukaima pakati pa msewu mpaka takisi inaima.

Pakhonde la chipatala Amayi anandigwira mkono molimba, maso ali pansi, mpaka tinadutsa benchi imene anakomokerapo paja. Anamwino aja anandizindikira. Anayeza ndi makina awo, n'kutsegula kabuku, n'kundiyang'ana. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero.

Adokotala anauza Amayi kuti amwetulire, akweze manja onse awiri, afinye zala zawo, atchule dzina langa. Ine ndinali kukhoma, ndikuwerenga chilichonse ngati chigamulo. Manja anakwera mofanana. Dzina langa linatuluka lathunthu.

"Sitiroko sinachitike," anatero adokotala. "Koma mwafika nayo pakhomo. Titsitsa pang'onopang'ono, mugona kuno masiku awiri tiyeze impso ndi maso. Ndipo mayi, piritsi limeneli si la mutu. Nthendayi nthawi zambiri siwawa. Mtima umangopopa molimbana, mitsempha n'kumatopa mwakachetechete. Muzimwa tsiku lililonse, kaya mwadzuka bwino kaya ayi. Mchere muchepetse."

"Mwamva, alamu?" anatero Azakhali. "Mchere. Inu amene mumathira musanalawe."

Papita milungu itatu. Tsopano ndimayeza ndine, m'mawa uliwonse, patebulo la m'khitchini, tiyi asanamwe. Ndimayamba ndadina mpaka kumapeto, n'kulemba tsiku la Bambo papepala lakhaki lija. Amayi amandiuza zimene zinachitika tsiku limenelo. Masiku ena ndi nkhani yaitali. Masiku ena amangoti, "Kunagwa mvula, sanalankhule zambiri." Kenako amameza piritsi ine ndikuona, n'kundipatsa mkono.

Lero yati 149 pa 91. Adokotala akuti ikutsika bwino, koma sinafike. Ine kapu ikangogunda patebulo mwamphamvu, ndimatembenuka msanga kuyang'ana pakamwa pa Amayi.

Atsala masiku 39. Manambala a papepala akukwera mzere uliwonse, ndipo ndikudziwa kumene akupita. Kumapeto kuli 204 pa 118. Sindinawafunsepo Amayi zimene Bambo ananena m'mawa umenewo ataona nambalayo, asanapite kukhitchini. Tsiku limenelo likadzakwana adzandiuza, ndipo sindikudziwa ngati ndidzatha kugwira pensulo.

Lero nditamatula lamba, Amayi sanandibwezere. Anamugwira, n'kuyang'ana mkono wanga.

"Anamwino aja anati zimayenda m'magazi," anatero. "Bambo ako, ine. Iwe unayezetsa liti?"

"Ine ndili bwino, Amayi. Palibe chikundiwawa."

Nditangomaliza kunena ndinamva mawu angawo. Iwonso anawamva.

"Dina mpaka kumapeto," anatero. "Lemba linanso. Lero tichotsa awiri."

Ndinalemba. Linali Loweruka, 176 pa 103, tsiku limene Bambo anapenta chitseko cha kukhitchini. Amayi anandimanga lamba okha, molimba kwambiri, monga amamangira lamba wa diresi. Chala chawo chinakhala pabatani lalikulu.

"Usalankhule," anatero.

Makina anayamba kung'ung'udza.