Mafoni Atatu pa Mkono wa Sieni

Sieni anakhala pa kabenchi kuseri kwa nyumba, akupala kokonati pang'onopang'ono. Ntchito imeneyi ankaikonda chifukwa panalibe womufunsa mafunso. Nkhuku zokha n'zimene zinkamuzungulira, kudikira zogwa pansi.

Kusukulu kwawo mumzinda wa Apia makalasi anali pa mpikisano. Aliyense anaika pafoni pulogalamu yowerenga masitepe amene munthu wayenda, ndipo kalasi yopambana inali yoti ipume kusesa mwezi wathunthu. Lupe, msuweni wake, ndiye anatulukira kuti foni ikamangidwa pamkono wa munthu wopala kokonati imayesa kuti mwini wake akuthamanga. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse Sieni ankatsala ndi mafoni pamkono, eni ake n'kumakasewera volebo pabwalo la tchalitchi. Phokoso la mpira linkafika mpaka pa kabenchi pake. Ankalakalaka atapita nawo, koma pakamwa pankalemera.

"Katswiri wathu ali pano!" anafuula Lupe, akutulukira ndi mnzake Teuila. "Bwera nawo mkono, msuweni. Sabata yatha unamuthamangitsa Teuila makilomita asanu ndi awiri, mwini wake ali gone pamkeka."

"Sindinagone ine," anatero Teuila. "Ndimangopumitsa maso."

"Mpaka aphunzitsi kumuyamikira pamaso pa kalasi! Munthu woti ndi kugolosale komwe amatuma."

Sieni anaseka nawo atawerama. Lupe anamumanga mafoni atatu ndi kansalu, yake, ya Teuila ndi ya Sieni yemwe, kenako anamusisita mutu.

"Koma ufulumireko pang'ono, iwe. Ukamapala chonchi foni iyesa tili pamaliro."

Awiriwo anatembenuka kuti azipita. Sieni anayang'ana mumtanga. Munatsala makokonati asanu ndi imodzi, ndipo mayi ake ankafuna onse apalidwe, ophikira chakudya cha Lamulungu. Kubwalo kuja wina anamenya mpira, anthu n'kukuwa.

Anamasula kansalu kaja ndi mano, naika mafoniwo pa udzu.

"Lupe."

Mawu anatuluka aang'ono, komabe onse awiri anaima.

"Atsala asanu ndi imodzi. Aliyense apale awiri ndi foni yake, tikatha tipitire limodzi. Kanayi konse ndakhala ndikungomvera mpira uja kuno. Inenso ndikufuna kusewera, ndipo ndimatha kuposa Teuila."