Chipika cha Pansi pa Bedi

Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinagona pamwamba pa chipika. Akazi anzanga kuno ku Sorrel Creek amadandaula za amuna okonda mowa, ena za amuna oyendayenda, koma ine mkazi mnzanga anali mtengo wa bodaki wotalika ngati munthu, wokulungidwa m'bulangete limene mayi anga anandipatsa pa ukwati. M'shedi mwamuna wanga ati muli chinyezi. Pafupi ndi mbaula ati uuma msanga n'kung'aluka. Malo oyenera m'nyumba yonse anali pansi pa msana wanga basi.

Mwamuna wanga Orval ndi mmisiri wosema mauta. Wasema oposa zana, ndipo alenje a m'mapiri ano a Ozark akupherabe agwape mauta ake mpaka lero. Koma chipika ichi anapatsidwa ndi a Lemuel Crutchfield, ndipo kwathu kuno ukatchula dzina limenelo amuna amavula zipewa. A Crutchfield ndi amene anayamba kulowa m'thengo ndi uta ndi mivi pa nthawi imene aliyense anali ndi mfuti, anthu n'kumawaseka kuti mutu wazungulira. Ndi omwenso anayambitsa gulu lathu la alenje a uta. Atamwalira, gululo linangosanduka mpingo. A Crutchfield ankavala chipewa chobiriwira, ndiye aliyense chipewa chobiriwira. Asanaponye muvi ankalavulira kumanzere, ndiye mpaka lero amuna makumi atatu andevu zawo amafola pamzere, kulavulira kumanzere, kenako n'kukoka. Palibe amene amafuna kukumbukira kuti mkuluyo ankatafuna fodya. Amatinso a Crutchfield sanathyolepo uta ngakhale umodzi pa moyo wawo wonse, ndipo Orval ankakhulupirira zimenezo kuposa zimene abusa amalalikira.

Chipikacho chinali chomaliza chimene a Crutchfield anadula. Chinakhala kudenga kwa shedi yawo zaka zambirimbiri, ndipo kutatsala mwezi umodzi kuti amwalire anaitana Orval n'kumuuza kuti achitsitse apite nacho. Gulu lonse linagwirizana kuti mkuluyo anasunga mtengo wabwino koposa kuti adzaupereke kwa wophunzira wabwino koposa.

Ulemu umenewo ndi umene unamumanga manja mwamuna wanga. Bodaki ali ndi lamulo lake. Kumsana kwa uta umapala mpaka utapeza mzere umodzi mwa mizere imene mtengo umapanga chaka ndi chaka, n'kuutsata kuyambira kunsonga ino mpaka kunsonga inayo osaudula. Mpeni ukangoterereka pamalo amodzi, utawo udzakuphulikira m'manja tsiku lina. Ndiye chaka chilichonse chisanu chikayamba, Orval ankatulutsa chipikacho, kuchigoneka pa tebulo la kukhitchini, n'kumachizungulira kapu ya khofi ili m'manja.

"Lero ndiye lero?" ndinkamufunsa.

"Chikufunika chaka china, Verna. Sichinaume bwinobwino."

"Chauma kuposa iwe ndi ine. Ndionetsetse adathetsa nkhosa, bambo."

Iye ankangochifunditsanso bulangete langa lija n'kuchibwezera pamalo pake.

M'chaka cha 1986 manja ake anayamba kunjenjemera. Ndinazindikira chifukwa cha supuni imene inkalira yokha m'kapu. Dokotala wa ku tauni sanabise mawu: zizikulirakulira, ndipo pakatha chaka chimodzi ntchito ya mpeni aiwale. Pobwerera m'galimoto tonse tinkaganiza za pansi pa bedi.

Sabata yomweyo kunabwera Dewey Pruitt, wapampando wa gulu, munthu amene amalowa m'nyumba ya eni mimba ili patsogolo. Anati mu Okutobala gulu likwanitsa zaka makumi asanu, ndipo anthu akufuna kudzaona uta wa chipika cha a Crutchfield.

"Orval m'bale wanga, usandimve molakwa," anatero akudzithirira khofi wanga. "Manja akowo akuvina okha popanda nyimbo. Ndipatse ine chipikacho. Ndagula sowo yamagetsi yatsopano, Loweruka limodzi ntchito yatha."

"Sowo yamagetsi! Pa mtengo wa a Crutchfield?"

"Nanga tidikire kuti chiswe chitisemere?"

"Dewey, uta wako womaliza uja unapindika ngati mwendo wa galu. Tenga chipewa chako."

Chipewa anatenga, koma ali pakhomo anati gulu lagamula kale: Malichi akatha Orval asanayambe, adzabwera anthu anayi kudzachinyamula.

Masabata atatu ndinamuonerera mwamuna wanga. M'mawa uliwonse ankanola mpeni wake wa zigwiriro ziwiri, kuuyandikiza pa khungwa, manja n'kuyamba gule wawo uja, iye n'kuuika pansi. Ndinkamumvera chisoni, komanso ankandikwiyitsa moti ndinkalakalaka kumugogoda nacho chipikacho. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndinaphika mkate wa maapozi n'kupita kunyumba yosungirako okalamba kukaona Mayi Ola, mkazi wamasiye wa a Crutchfield. Ndinkafuna kuti adzamuuze Orval mawu awiri atatu omulimbitsa mtima.

Ndinawapeza akubera anzawo pa makadi, ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi kudza chimodzi. Nditafotokoza nkhani yanga anaseka mpaka mano oikirira anatsala pang'ono kugwera m'mbale.

"Mwanawe, chimtengo chija chidakalipo?"

"Chilipo, mayi. Si paja a Crutchfield anachisunga chifukwa chinali chabwino koposa?"

"Anachisunga? Lemuel anachiponya kudenga chaka chimene anathyoka chiuno. Kuyambira pamenepo makwerero sankakwera. Ine ndinkamulalatira chaka ndi chaka kuti chidzagwera munthu pamutu. Tsiku lina mwamuna wakoyo akuchokera kokhoma denga la tchalitchi anadutsa pakhomo ndi makwerero pa galimoto. Basi, nkhani yake ndi yomweyo."

Ndinakhala pansi ngakhale palibe amene anandipatsa mpando. Ndinati komabe Orval akuopa kuchititsa manyazi munthu amene sanathyolepo uta.

"Ndani? Lemuel wangayo? Chisanu choyamba chonse nyemba ndinkaphikira mauta othyoka okhaokha. Bodaki amayaka bwino, mwanawe, amathetheka. Zaka zisanu ndi chimodzi analowa m'thengo osabwerako ndi gwape. Ana ndinawalera ndi agologolo amene ndinkawombera ndekha ndi mfuti kuseri kwa nyumba." Ananyema mkate uja. "Koma uta ukathyoka lero, mawa m'mawa umamumva akupala wina. Ndi chimene ndinachikondera chitsiru changa chija."

Ndinabwerera kunyumba ndili wosangalala, ndikuganiza kuti ndanyamula mankhwala. Pa nkhomaliro ndinamukhuthulira zonse, osasiyako kanthu. Orval anasiya kutafuna.

"Makwerero?"

"Makwerero."

Anaimirira n'kutuluka panja, chakudya chili m'mbale. Masiku atatu sanandilankhule, ndipo sikuti anali atakwiya ayi, akanakwiya bwenzi zili bwino. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana mapiri. Ndinadziona kupusa kwanga. Munthu manja akumuthera, ine n'kumulandanso chinthu chimodzi chimene chinkamuyendetsa mutu uli chilili zaka zonsezi. Ndinalira kuseri kwa khola la nkhuku, ndikuutukwana mlomo wanga.

M'mawa wa tsiku lachinayi ndikuchokera kotola mazira ndinamva phokoso kukhitchini: kwee, kwee, kwee. Nditalowa ndinapeza pansi ponse pali mbwee zipalapala zachikasu, zina zagwera m'poto wa mafuta. Orval anali atapanira chipika pa tebulo langa lodyera, malaya atapinda.

"Ngati anandipatsa chifukwa cha makwerero, ndiye kuti ndi mtengo chabe," anatero osandiyang'ana. "Mtengo ndimaudziwa. Chotsa mazirawo pamenepo."

Ntchitoyo inatenga masabata asanu ndi awiri. Ankagwira m'mawa okha, manja asanatope, ndipo ife tinkadyera chiimire. Dewey atabwera ndi anthu ake anayi kumapeto kwa Malichi, anangosuzumira pawindo n'kubwerera. Koma chapakati pa chipikacho panali mfundo yaikulu ngati chala chachikulu cha kuphazi, ndipo mzere wa chaka uja unkakwera pamfundopo n'kutsikira mbali inayo. Orval anafika pamenepo n'kuima. Anayesa kawiri, kampeni kakuvina, n'kukasiya.

"Verna, tabwera. Iwe umasenda mbatata osataya mnofu."

Ndinapukuta m'manja n'kutenga kampeniko. Iye anaima kumbuyo kwanga, akundipumira m'khosi.

"Pang'onopang'ono! Mayi iwe, si mbatata imeneyo!"

"Wandiitana wekha chifukwa cha mbatata. Choka pa kuwala."

"Ukadula mzerewo ndikakusiya kwa amako."

"Amayi ali kumanda, ndipo kumeneko n'kwabata kuposa kuno."

Masiku awiri ndinapala mfundo imeneyo. Ndinene zoona, mtengo umene ndinauda zaka zonse zija unali wokongola mkati, wosalala ngati batala. Nditamaliza Orval anayendetsapo chala kangapo, n'kundigwira paphewa.

Uta unatuluka wopepukirapo kusiyana ndi amene ankasema ali mnyamata, ndiponso wokhotako pang'ono pamfundo paja. Anaupachika pakhoma n'kumaukoka ndi chingwe tsiku ndi tsiku, kupala apa, kupala apo, mpaka mbali zonse ziwiri zinkapindika mofanana. Koma muvi sanauponyere. Anati woyamba udzauluka pa tsiku la chikondwerero, anthu onse akuona.

Tsikulo linafika, Loweruka la dzuwa labwino, pabwalo la kuseri kwa tchalitchi. Matebulo anadzaza nyemba, mkate wa chimanga ndi nyama ya gwape. Zipewa zobiriwira zinali waliwali. Mayi Ola ndinakawatenga ndekha, ndipo anakhala kutsogolo pa njinga yawo ya olumala, mbale ili pamiyendo. Orval atavundukula uta, amuna akuluakulu anausa moyo, wina mpaka anavula magalasi kupukuta m'maso.

Kenako Dewey anaimirira. Pambali pake panali chinthu chachitali chofunditsidwa nsalu. Atalankhula mpaka nyemba kuzizira, anakoka nsaluyo: kabati ya galasi, mkati mwake moyala nsalu yobiriwira, pachitseko pali loko.

"Abale anga, uta uwu ndi chuma cha gulu," anatero. "Lero tiutsekera muno. Palibe munthu adzaukoke, lero ngakhale mawa, kuti zidzukulu zathu zidzauone uli wamphumphu."

Anthu anaomba m'manja. Orval yekha sanaombe.

"Wati chiyani, Dewey?"

"Ganiza bwino, m'bale wanga. Nanga utathyoka? Chipika china cha a Crutchfield tikachitenga kuti?"

"Ukathyoka Mayi Ola aphikira nyemba."

Pabwalo panagwa bata ngati munthu watukwana m'tchalitchi. Dewey anatambasula dzanja kuti alandire utawo, Orval n'kuubisa kumbuyo. Apo ndi pamene Mayi Ola anagogoda mbale ndi supuni.

"Ponya, mwanawe! Ena a ife tilibe chaka china chodikirira!"

Orval anapanira nsonga ya uta paphazi n'kuyamba kukoleka nsinga. Zinamutengera nthawi, ndipo palibe amene analimba mtima kumuthandiza. Ine ndinaima pambali pake nditanyamula phodo. Anasololamo muvi umodzi wa nthenga za nkhukutembo, n'kuyang'anizana ndi mtolo wa udzu umene unali mapazi makumi awiri kutsogolo. Manja aja anayamba, moti muvi unkagogoda pa uta, go go go, aliyense akumva. Sindinkaopa kuti uta uthyoka. Ndinkaopa kuti autsitsa osaponya, n'kuupereka kwa Dewey.

Anakoka. Nsinga inabwera pang'onopang'ono mpaka chala chinafika pangodya ya mlomo, uta unapindika bwinobwino, mfundo yanga ija ili phee. Anasiya.

Muvi unauluka mokongola zedi, koma mtolo wa udzu sunauone n'komwe. Unadutsa kumanja, kulumpha mpanda, n'kukaima pa chitseko cha galimoto yatsopano ya Dewey, tho!

"Mayo galimoto yanga!" anakuwa Dewey, akuthamanga mimba ikugwedezeka. Anthu ena anagwira pakamwa, ena anagwa ndi phwete, Mayi Ola akuomba m'manja ngati kamtsikana.

Orval sanayang'ane galimoto. Ankayang'ana uta uli m'dzanja lake, wamphumphu, ukunjenjemera limodzi ndi iye. Misozi inkatsikira m'ndevu ndipo sanaipukute. Tonse awiri tinkadziwa kuti uwu ndi womaliza kusema, ndiponso kuti chaka chamawa nsinga imeneyi sadzaikoka. Ndinamukonda pa nthawi imeneyo kuposa tsiku la ukwati wathu.

"Verna," anatero chapansipansi, "m'phodomo mwatsala ingati?"

"Isanu."

"Auze anthuwo achotse magalimoto."