Funso Lalitali la Abusa

Anthu ophunzira mwina ali ndi dzina lake, koma kutchalitchi kwathu timangoti kukoka mawu. Abusa athu amakoka. Akayamba "Aaambuuuyeee", munthu utha kutuluka, kukataya madzi, n'kudzawapeza akadali pa "buuu". Ine ndinkawaseka kuposa aliyense.

Mng'ono wanga ankakwatiwa ndi dalaivala wa thiraki, mwamuna wa pakamwa potsekemera. Kutatsala masiku awiri ndinamva kuti mkuluyo ali kale ndi mkazi ndi ana. Nditamuuza mng'ono wangayo, anangoti, "Achemwali, nsanje idzakuphani." Zinandipweteka kwambiri. Ndinafufuza nambala ya mkaziyo, ndipo analonjeza kukwera basi ya m'mawa kuti adzadzinenere yekha.

Ukwati unayamba iye asanafike. Pafoni panabwera uthenga woti tayala la basi laphulika. Chiyembekezo changa chonse chinatsala pa lilime la abusa.

Sanandigwiritse mwala. Pemphero lotsegulira linatha wojambula zithunzi akusinza, woimba kiyibodi atavula nsapato. Mkwati ankangoyang'ana wotchi, thukuta lili kamukamu. Ine mumtima ndinkangoti kokani abusa, kokani, zonse ndinakunenani zija mundikhululukire.

Kenaka anafika pa funso lija. "Ngaaati paaali wiiinaaa wodziiiwa chifuuukwaaa..."

Ndinacheukira kukhomo, kuli zii. Ndikanakweza mkono ineyo, abale akanati nsanje ija yaonekera poyera.

"...choooti awiiiriiiwaaa asaaakwatiraaane..."

Mkwati analephera kupirira. "Abusa, pamenepo ingodumphani, nthawi yatha," anatero monong'ona, koma maikolofoni anali pakamwa pake penipeni.

Abusa athu sadumpha kanthu. Atasokonezedwa choncho, anatsokomola n'kuyambiranso. "Ngaaati paaaliii..."

Mng'ono wanga anapeza nthawi yonse yomwe inkafunika. Anamuyang'ana mwamunayo, n'kuona kuti maso ake ali kukhomo, osati pa iye. "Mukuopa kuti kulowa ndani?" anafunsa. Pang'onopang'ono mkwatibwi anakweza mkono, maluwa ali m'manja momwemo.

"Mwaaana waaangaaa, fuuunso iiili si laaakooo..."

Pomwe abusa ankamaliza chiganizo, ife tinali panja, mng'ono wanga atakhala pamasitepe, diresi litadetsedwa ndi fumbi. Sanapepese, nanenso sindinamunyogodole. Anangondigwira chala ngati mmene ankachitira tili ana.

"Achemwali, ana aja munati ndi angati?"

"Atatu," ndinayankha, ndipo apa m'pamene analira.