Mapiki Odikira Chithunzi

Kumapiri a kwathu kuno, kuseri kwa Kasakula, kufa n'kosavuta. Chovuta n'kukumbiridwa. Ukangopala dothi pang'ono wakumana ndi mwala, ndipo adzukulu, anthu okumba manda aja, amatha tsiku lonse akulimbana nawo ndi timakasu tawo takutha.

N'chifukwa chake a Obadiya, mphunzitsi wopuma ntchito, atamva za bungwe lina lopereka kathandizo kochepa pa ntchito zolimbikitsa umodzi m'midzi, sanaganize za mpira kapena kwaya. Analemba kalata ya masamba anayi m'Chingerezi cholemera, kunena kuti malo okhawo amene Mkatolika ndi wa CCAP amakhetsera thukuta pamodzi ndi kumanda. Ndipo sananame.

Thandizo linabwera: mapiki asanu, mafosholo anayi ndi wilibala. Mtsikana wa kubungweko ananena pa foni kuti adzabwera kudzachita mwambo wopereka katunduyo, n'kujambula zithunzi. Sananene kuti zidazo zisagwiridwe. Koma a Obadiya anali munthu woti ngakhale choko ankachisungira tsiku lobwera alendo. Anatsekera zonse m'chipinda, kiyi m'thumba la jekete.

Mu Ogasiti anamwalira Iness, mwana wa Alexio. Alexioyo ndiye mkulu wa adzukulu. Anabwera yekha m'mamawa, maso ali psuu.

"Aphunzitsi, tibwerekeniko mapiki awiri okha."

"Pepani kwambiri, achimwene. Koma katunduyu sanaperekedwe. Eni ake akadzapeza mapiki okandikakandika, chithunzi chidzaoneka bwanji?"

"Zoona," anatero Alexio. "Chithunzi."

Anzake anakumba ndi makasu mpaka dzuwa kupendeka. Lidia, akazi a Obadiya, anakhala pamaliropo masiku atatu, kuphika ndi kutunga madzi. Atabwerera kunyumba anatha sabata osawayankhula amuna awo.

Mtsikana uja sanabwere. Lero galimoto yawonongeka, mawa mafuta akusowa, mkuja abwana ali kumsonkhano.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mutu, Lidia anadwala masiku anayi n'kutsamira mkono. Anthu anabwera ndithu, amayi kulira, amvano kuimba. Koma m'mawa mwake kunafika uthenga woti kumanda adzukulu angokhala pamthunzi. A Obadiya anatsegula chipinda chija, n'kulongedza zida mu wilibala, n'kukankha okha mpaka kumanda.

"Adzukulu, zida ndi izi."

Alexio anaziyang'ana ngati akuona ng'ombe ya mwini wake.

"Aaa, aphunzitsi, zimenezi zinaperekedwa liti? Ife mwambowo sitinaumve."

"Zingakandike, bwana," anatero Kalebe, mnzake wa Alexio, akupichira fodya. Ena anaseka chapansipansi.

"Ndinalakwa, abale anga. Ndipereka mbuzi."

"Mbuzi simakumba, aphunzitsi."

A Obadiya anadziwa chimene aliyense pamenepo ankadziwa: ndi kutentha kumeneko, thupi silikanadikira tsiku lina. Kunyumba anali atatsegula kale mawindo onse. Anavula jekete, n'kuipachika pamtengo, n'kutola piki.

Manja a choko si manja a piki. Mpini watsopano unawasupula zikhatho asanafike n'komwe pamwala. Piki ikamenya mwalawo inkangolira ngati belu la sukulu, n'kudumpha. Pofika masana, dzenje lawo linali loti nkhuku ingaikiremo mazira. Anagwada m'menemo, kupuma mwawefuwefu, magazi ali pampini. Palibe anasekanso, koma palibenso anadzuka.

Ndiye kunamveka mawu kuchokera m'mphepete mwa msitu wa manda, pomwe amayi amalekezera. Anali Elube, mkazi wa Alexio.

"Bambo a Iness! Amene wagona uko ndi Lidia, si aphunzitsi ayi! Anatiphikira ndani masiku atatu aja? Ndani anasambitsa mwana wanu? Mukufuna mpaka anthu azigwira mphuno?"

Alexio anayang'ana mtumbira wa Iness umene unali usanamere n'udzu womwe. Kenako anadzuka, n'kutola khasu lake lakale lija.

"Tulukanimo, aphunzitsi. Mukutiwonongera mzere."

A Obadiya anamupatsira piki. Alexio sanailandire. Adzukulu onse analowa m'ntchito ndi timakasu tawo, mosinthanasinthana, mapiki atsopano ali gone pambali. Anatha maola asanu pa ntchito yoti ndi zida zija akanaitha m'maola awiri. Lidia anaikidwa dzuwa likulowa, abusa atadula ulaliki pakati.

Anthu akubalalika, a Obadiya anapeza wilibala yawo italongedzedwa bwinobwino, mapiki anayi akunyezimira, imodzi yokha ndiyo yokandika. Anatembenukira kwa Alexio kuti athokoze.

"Musatithokoze," anatero Alexio, akupukuta thukuta ndi chipewa. "Takumbira amayi. Anu manda, aphunzitsi, muziyambiratu pang'onopang'ono mukadali ndi mphamvu. Zida muli nazo."